Bwinja, munda kapena pabwalo: kokasaka makobidi akale a mkuwa ku America, ndi makina oti munyamule

Khobidi langa loyamba la mkuwa ndinalifukula m'munda wa chimanga chakumadzulo kwa Massachusetts, mu Novembala, mwini munda atamaliza kukolola. Linatuluka m'dothi lili lakuda bii, losalala mbali zonse ngati kaphale kobulungira. Nditafika kunyumba ndinaliunika ndi tochi chammbali, ndipo pang'ono ndi pang'ono panaoneka mutu wa munthu woyang'ana kumanzere. Inali hafupeni ya Mfumu George II ya ku Britain, imodzi mwa zimene zinkasulidwa pakati pa 1729 ndi 1754. Ndinakhala nalo m'manja nthawi yaitali usiku umenewo, ndikuganizira munthu amene linamugwa m'thumba, mwina dziko la United States lisanabadwe n'komwe.

Makina ofufuzira zitsulo m'nthaka amene ndinali nawo tsikulo anali otchipa, ogula kwa munthu amene anatopa nawo. Chaka chathunthu ndinali nditazungulira nawo m'mapaki a m'tauni n'kumangotola zitsekerero za mabotolo ndi masenti a masiku ano. Makina omwewo, tsiku loyamba kuponda malo amene panali nyumba kalekale, anandipatsa khobidi la zaka zoposa 250. N'chifukwa chake anzanga akandifunsa kuti agule makina ati, ndimayamba ndawafunsa kaye kuti akukawagwiritsa ntchito kuti. Tikambirana za makina, inde, koma tiyambe ndi zimene mukusakazo.

Makobidi ake ndi ati

Anthu a ntchitoyi akati mkuwa wakale amakhala akunena magulu atatu. Gulu loyamba ndi la mahafupeni a ku Britain, a William III, George II ndi George III, amene ankayenda m'manja mwa anthu nthawi ya atsamunda ndiponso kwa zaka zambiri ufulu utabwera. Ambiri mwa amenewa anali achinyengo, opepuka, ena osulidwa ku Birmingham, ena ku America konko, monga aja a ku Machin's Mills pafupi ndi Newburgh ku New York. Musakhumudwe mukapeza lachinyengo. Osonkhanitsa makobidi amawafunafuna, ndipo ena amagulidwa modula kuposa enieniwo.

Gulu lachiwiri ndi limene limandikoka mtima kwambiri. Nkhondo ya ufulu itatha, boma lalikulu linalibe malo osulira ndalama, ndiye zigawo zina zinayamba kupanga zawozawo. Connecticut inasula kuyambira 1785 mpaka 1788, ndipo mitundu yake imapitirira 300. New Jersey, kuyambira 1786, inaikapo mutu wa hatchi ndi pulawo. Massachusetts inatulutsa masenti ndi mahafusenti mu 1787 ndi 1788, mbali ina munthu wa mtundu wa eni nthaka atagwira uta, mbali ina chiombankhanga. Vermont, imene panthawiyo inali dziko loima palokha mpaka 1791, inajambula dzuwa likutuluka kuseri kwa mapiri. Palinso Fugio ya 1787, yosulidwa ku New Haven ndi chilolezo cha nyumba ya malamulo, yokhala ndi mphete 13 zolumikizana.

Gulu lachitatu ndi masenti akuluakulu a boma, osulidwa ku Philadelphia kuyambira 1793 mpaka 1857. Kukula kwake ndi mamilimita 27 mpaka 29, pafupifupi ngati peni yobowola pakati ija ya nthawi ya Chitaganya imene agogo athu amaikumbukira. Oyambirira ankalemera magalamu 13.48, koma chakumapeto kwa 1795 anawachepetsa kufika pa 10.89. Loyamba lenileni, la tcheni kumbuyo, anangosula 36,103 basi. La 1799 ndi la 1804 ndi osowa kwambiri. Chaka cha 1815 palibe senti yolembedwa chakacho, chifukwa nkhondo ya 1812 inadula mkuwa umene unkachokera ku kampani ya Boulton ku England. A pakati pa 1808 ndi 1814 mkuwa wake ndi wofewa, ndipo m'dothi amatuluka atadyeka koposa anzawo.

Zaka zimenezi zikukuuzani kale koyenera kupita. Mkuwa wa atsamunda ndi wa zigawo uli kum'mawa: New England (dera la zigawo monga Massachusetts, Connecticut ndi Vermont), New York, New Jersey, Pennsylvania, Maryland, Virginia ndi kutsika ndithu mpaka ku Carolina. Abale athu a ku South Bend ku Indiana, dera limene linakhala chigawo mu 1816, angayembekezere masenti akuluakulu a m'ma 1830 mpaka m'ma 1850, koma Fugio ndi ya mwayi wosowa kumeneko. Amene muli ku Seattle, ulendo wokha ndi umene ungakuthandizeni. Ndipo a ku England dziwani kuti mahafupeni a George omwewa amatuluka m'minda ya kumeneko mochuluka kuposa ku America.

Munda wolimidwa

Woyamba kumene ndimamutumiza kumunda. Pulawo imakugwirirani theka la ntchito: chaka ndi chaka imatembenuza dothi, ndipo khobidi limene linali pansi kwambiri chaka chatha mumalipeza pamwamba chaka chino. Munda umodzi mukhoza kuubwerera zaka zisanu n'kumatolabe. Kukumba n'kosavuta, kulibe mizu, ndipo palibe kapinga woti muziopa kuononga. Chinanso, maso amathandiza makutu. Mvula ikagwa pa munda wolimidwa kumene, pamene panali nyumba pamadziulula pokha ndi zidutswa za njerwa, mapale a mbale, magalasi akuda obiriwira a mabotolo, timapaipi toyera ta kaliwo wadongo, mwinanso zigoba za nkhono za m'nyanja zimene anthu ankadya. Mukaona zimenezo ikani chizindikiro, chepetsani liwiro, yendani mizere ngati mukubzala.

Kuipa kwa munda ndi feteleza. Siliva amapirira, koma mkuwa umadyeka. Makobidi ambiri a m'munda amatuluka opanda nkhope, opanda chaka, ena atakandidwa ndi pulawo kapena kupindika. Mwa khumi amene mungatole, ochepa okha ndiwo mungawerenge chaka chake bwinobwino. Nthawi yake nayonso ndi yochepa: akakolola mu Okutobala mpaka nthaka itauma ndi chisanu mu Disembala, kenako mu Malichi ndi Epulo asanabzale. Alimi ambiri masiku ano anasiyanso kutembenuza nthaka, amangobzala pa mapesi, ndipo munda wotere sukupatsani zatsopano chaka chilichonse.

Bwinja la m'nkhalango

Apa ndiye pamtima pa ntchitoyi, ndipo ndichedwapo. Mukamayenda m'nkhalango za New Hampshire, Vermont, Massachusetts kapena Connecticut mumadabwa kuona mipanda ya miyala ikudutsa pakati pa mitengo, kutali ndi nyumba iliyonse. Nkhalango zimenezo zinali minda ndi mabusa. Nkhosa za Merino zitabwera cha m'ma 1810, anthu anagwetsa mitengo mpaka pamwamba pa zitunda. Kenako ngalande ya Erie inatsegulidwa mu 1825, nthaka yachonde ya kumadzulo inayamba kuitana, mafakitale a nsalu a ku Lowell ndi kwina anatenga achinyamata, ndipo mabanja anatseka zitseko n'kumapita. Nyumba zamatabwa zinaola kapena kupsa. Chinatsala ndi dzenje la chipinda cha pansi, lomangidwa ndi miyala, mulu wa miyala ya chumuni pakati, ndi chitsime penapake chapafupi. Kwathu timati bwinja, ndipo mtima umene umakugwira ukaima pa bwinja la kumudzi ndi womwewo umene umakugwira pamenepa.

Ubwino wa bwinja ndi wakuti nthawi inaima. Ngati banja linachoka mu 1830, palibe aluminiyamu, palibe zitini za zakumwa, chilichonse chimene makina alirira ndi cha nthawi imeneyo kapena cham'mbuyo. Dothi silinaone feteleza, ndipo pamene pali mchenga wosasunga madzi makobidi amatuluka ndi khungu lobiriwira losalala, chaka chikuoneka, tsitsi la Liberty, mkazi wojambulidwa pa masentiwo, likuwerengeka. Makobidi anga okongola onse anachokera m'mabwinja. Komanso sakhala pansi kwambiri, nthawi zambiri masentimita 10 mpaka 20.

Koma bwinja limafuna munthu wopirira. Nyumba yathunthu ya matabwa ikagwa, misomali yake yonse imatsalira m'dothi, pamodzi ndi zidutswa za miphika yachitsulo, mahinjesi ndi malata. Makina amangolira paliponse, ndipo khobidi logona pafupi ndi msomali limabisika. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa bwinja ndimatha maola atatu pamalo osaposa bwalo la nyumba imodzi, ndikuyendetsa koyilo, mbale ya kunsi kwa makina imene imamva zitsulo, pang'onopang'ono, kuchokera mbali iyi kenako mbali inayo, ndikumvetsera kaphokoso kokwera kamene kakutulukira pakati pa kulira kwa misomali.

Misomali yomweyo imakuuzani zaka za malowo. Yosula ndi manja, ya mutu wosalingana, ndi ya m'ma 1700. Yodula ndi makina, ya makona anayi, inafala kuyambira cha m'ma 1800. Yobulungira ngati ya masiku ano inabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mukaiona yambiri dziwani kuti anthu anakhalapo mochedwa. Zomangira nsapato zachitsulo, zimene zinatha fasho cha m'ma 1790, pamodzi ndi mabatani aphwatalala a mkuwa, ndi chizindikiro chakuti mwafika pa malo a mahafupeni a George ndi makobidi a Connecticut.

Chinthu china chimene ndinaphunzira mochedwa: musakakamire pakamwa pa dzenje. Mabwinja odziwika, a m'mbali mwa njira, anthu akhala akuwasesa kuyambira m'ma 1970, ndipo onse amayambira pomwepo. Pitani ku njira ya kuchitsime, pa chipata cha mpanda wa miyala, pamene panali khola, pansi pa mitengo yakale ya maapozi, m'mbali mwa msewu wakufa umene ngolo zinkadutsa. Munthu amagwetsa ndalama pamene akuwerama, kudumpha kapena kukwera hatchi.

Za chitetezo ndinene mosabisa. Zitsime za m'mabwinja zambiri n'zosatseka, zimangophimbika ndi masamba. Nkhupakupa za kumeneko, zazing'ono ngati njere ya chitowe, zimafalitsa matenda a Lyme, ndiye valani zotseka thupi ndipo mukabwerako dzifufuzeni paliponse. Mu Novembala ndi Disembala alenje a agwape amakhala ali m'nkhalango ndi mfuti, choncho chovala cha olenji chowala n'chofunika. Ndipo wina kunyumba azidziwa kumene mwapita.

Pabwalo pa nyumba yakale, ndi malo ena

Nyumba ya m'ma 1700 imene mukukhalabe anthu ili pakatikati. Ubwino wake ndi wakuti mabwalo ambiri otere sanafufuzidwepo, chifukwa ofufuza ambiri amaopa kugogoda. Pa bwalo limodzi mukhoza kutola hafupeni ya George, senti yaikulu, ndalama za siliva za m'ma 1900 ndi zidole za ana. Kuipa kwake ndi komweko: zinyalala za zaka 250 zili pamwamba pa zimene mukufunazo, ndipo mkuwa wakale umakhala pansi, masentimita 20 mpaka 30. Eni ake ena anathirapo dothi latsopano pokonza kapinga, ndiye zakale zinapita kutali kumene makina safika. Pamafunikanso ukhondo pokumba. Dulani kapinga ngati chitseko, mbali imodzi isaduke, dothi muike pa kansalu, mukatha mubwezere osasiya chizindikiro. M'chilimwe kukauma musakumbe n'komwe, kapinga amafa ndipo khomo limenelo limatsekeka kwa inu ndi kwa onse obwera pambuyo panu.

Mapaki ndi mabwalo a pakati pa tauni ndi osavuta kufikako, koma pa mkuwa wakale ndi omalizira. Anaseseka kalekale, aluminiyamu ndi wosaneneka, ndipo matauni ambiri amaletsa kapena amafuna pepala la chilolezo. Madooko akale, pamene anthu ankaolokera mtsinje n'kulipira woolotsa, ndi abwino ngati mwawapeza pa mapu ndipo malowo ali ndi mwini wake woti mum'pemphe.

Kupeza malo, ndi kupempha

Madzulo a nyengo yachisanu, nthaka itauma gwa, ndiyo nthawi ya mapu. Zigawo zambiri za kum'mawa zili ndi mapu a maboma ang'onoang'ono a m'ma 1850, ndi ena a F. W. Beers a m'ma 1860 ndi 1870, osonyeza nyumba iliyonse ndi dzina la mwini wake. Ambiri ali pa intaneti kwaulere. Mukawayerekeza ndi mapu a lero mumaona misewu imene inafa ndi nyumba zimene kulibenso. Njira yachiwiri ndi zithunzi za LiDAR, zimene zimaonetsa nthaka ngati mitengo yachotsedwa, moti dzenje la nyumba limaoneka ngati kabokosi ndipo mipanda ya miyala ngati ulusi. Massachusetts ndi Connecticut anaika zithunzi zimenezi poyera. Njira ziwirizi n'zothandizana. Bwinja looneka pa LiDAR koma losapezeka pa mapu a 1850 ndilo loyenera kulithamangira, chifukwa n'kutheka kuti anthu anachokapo mapuwo asanajambulidwe.

Safunsa anadya phula. Nkhalango iliyonse ku America ili ndi mwini wake, kaya munthu, tauni, chigawo kapena boma lalikulu. M'mapaki a boma lalikulu monga Minute Man, Valley Forge kapena Gettysburg, makinawa ndi oletsedwa kotheratu, ndipo lamulo la 1979 loteteza zinthu zakale za m'nthaka ya boma lili ndi chindapusa chachikulu ngakhalenso ndende. Malo a zigawo ali ndi malamulo osiyanasiyana. Ku Quabbin ku Massachusetts, kumene matauni anayi a Dana, Enfield, Greenwich ndi Prescott anathetsedwa mu 1938 kuti pakhale damu, mabwinja ali mbwee, koma makina saloledwa. Kumanda musayandikireko, ngakhale atakhala manda a banja apakati pa munda.

Chotsala ndi malo a anthu, ndipo njira yake ndi kugogoda. Ine ndimapita masana, nditavala bwino, makina nditawasiya m'galimoto, mapu akale ali m'manja. Ndimadzitchula dzina, ndimanena kumene ndimakhala, n'kuwaonetsa nyumba yawo pa mapu a 1850. Anthu ambiri amakondwa kuona dzina la amene ankakhala pamalo pawo kale. Kwa ife obwera, amene khungu ndi kalankhulidwe zimatidziwikitsa msanga, chilolezo cholemba n'chofunika kawiri: munthu wa pafupi akaona mlendo akukumba m'munda amaimbira apolisi, ndipo kapepala kapena uthenga wa pafoni wochokera kwa mwini malo umathetsa nkhani isanakule. Gwirizananinso pachiyambi za zimene mungapeze, popeza malowo ndi ake. Ndimawaonetsa zonse, ndi zinyalala zomwe, ndipo akafuna kanthu ndimawapatsa. Mlimi mmodzi wokhutira amakutumizani kwa anzake atatu.

Makina: mitundu itatu

Mtundu woyamba, umene amautchula VLF, ndi wa frequency imodzi, kutanthauza kuti umatumiza m'nthaka mafunde a mtundu umodzi, oyezedwa mu kHz. Garrett AT Pro ya ku Texas, imene inatuluka mu 2010 ndipo imayenda pa 15 kHz, yafukula mkuwa wochuluka zedi ku New England, ndipo imalowa m'madzi mpaka mamita atatu. Fisher F75 ili pa 13 kHz, Nokta Simplex yoyamba ya ku Turkey inali pa 12 kHz ndipo mtengo wake unali cha m'madola 300. Khobidi lalikulu la mkuwa si chinthu chovuta kumva. Makina onsewa amalilirira mokweza, manambala ake, amene makina amaonetsa posonyeza mtundu wa chitsulo, ali chakumtunda pafupi ndi a siliva. M'munda waukulu wopanda misomali yambiri, makina otere amakwanira. Kufooka kwake kumaoneka m'dothi la mchere wambiri wa m'nthaka, ndiponso pa zinthu zakuya, pamene manambala amayamba kudumphadumpha.

Mtundu wachiwiri umatumiza ma frequency angapo nthawi imodzi. Minelab ya ku Australia itatulutsa Equinox mu 2018 pa mtengo wosafika madola 1,000, anthu anabwerera ku mabwinja amene ankati anatha n'kuyamba kutolanso. Mu 2022 kunabwera Nokta Legend, XP Deus II ya ku France ndi Minelab Manticore. Phindu lake ndi ziwiri: manambala amakhazikika ngakhale chinthu chili pansi, ndipo makinawa amasiyanitsa msanga zinthu ziwiri zogundana, zomwe ndi zimene bwinja limafuna. Deus ndi yopepuka kwambiri, ilibe mawaya, ndipo imapindika n'kulowa m'chikwama, zimene mumazithokoza mukamakwera phiri kwa ola lathunthu. Koma Deus II ndi Manticore zimadya madola oposa 1,000, ndipo zili ndi zosintha zambiri moti woyamba amatha kusokonezeka n'kumaphonya zimene makina otchipa akanamva.

Mtundu wachitatu, wa pulse induction, ndingoudutsa. Umafika pansi kwambiri ndipo sugonja ku dothi lofiira la ku Culpeper ku Virginia, kumene ofufuza za nkhondo yapachiweniweni amaudalira. Koma susiyanitsa bwino msomali ndi khobidi, ndiye pa bwinja mungakumbe misomali mpaka dzuwa kulowa.

Maganizo anga ndi awa. Ngati muli ndi madola 300, gulani Simplex kapena AT Pro yogwiritsidwapo kale ntchito, mupite kumunda. Ngati mungafike pa 500 mpaka 900 ndipo mtima wanu uli ku mabwinja, Legend kapena Equinox ndi pamene ndalama imagwira ntchito yake mokwanira. Zodula kuposa apo zidikire mpaka mutatha zaka ziwiri ndi makina amodzi, makutu anu atadziwa chinenero chake. Ndaonapo munthu wa makina akale a frequency imodzi akutola makobidi atatu pa bwinja limene mnzake wa makina atsopano anatulukapo chimanjamanja, chifukwa woyambayo anali atawamvetsera makina ake kwa zaka khumi.

Ndalama yotsalayo iikeni pa koyilo yachiwiri. Yobwera ndi makina, ya mainchesi 11, ndi yabwino kumunda. Pa misomali pamafunika yaing'ono, ya mainchesi 5 kapena 6, imene imaona chinthu chimodzi pa nthawi ndipo imalowa pakati pa miyala ndi mizu. Koyilo yaing'ono imasintha zotsatira za pa bwinja kuposa kugula makina ena. Onjezani kachida kakang'ono kolozera chinthu m'dzenje, mahedifoni, ndi fosholo yolimba yodula mizu. Ndipo musatseke kulira kwa misomali kotheratu. Kuchepetseni chabe, chifukwa kulira kumeneko ndi kumene kumakuuzani kuti mwalowa pamene panali nyumba. Pa malo akale enieni kumbani chilichonse chosakhala msomali: hafupeni yachinyengo yopyapyala kapena hafusenti yodyeka imalira motsika kuposa senti yaikulu, ndipo wodikira manambala okwera okha amazisiya m'dothi.

Mukalitulutsa, musalithamangire

Apa ndi pamene makobidi ambiri amafera, ndipo ndikunena ndi chisoni chifukwa zinandichitikira. Senti yanga yoyamba ya mtundu wa Draped Bust, wa pakati pa 1796 ndi 1807, inatuluka nkhope ikuoneka bwino. Ndinaitsuka pa mpopi ndi mswachi, ndipo nkhopeyo inapita ndi madzi ndikuona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pa mkuwa wokhalitsa m'dothi, zojambulazo nthawi zambiri zimakhala zili mu khungu lobiriwiralo. Pansi pake pamangokhala chitsulo cha maenjemaenje. Mukachotsa khungu mwachotsa khobidi.

Njira zimene anthu amatsata ndi zinayi kapena zisanu, ndipo sizilingana ngakhale pang'ono. Youma ndiyo ndimaikhulupirira: kumunda musalipukute ndi chala, liikeni m'kabokosi ka thonje, kunyumba lisiyeni liume masiku angapo, kenako chotsani dothi pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, mukuyang'ana pa galasi lokulitsa. Dothi lotsalira m'mphako za zilembo musalichotse lonse, ndi limene limachititsa kuti chaka chiwerengeke. Imatenga nthawi, koma mukhoza kuima paliponse mwaona kuti pakwana.

Madzi ndi abwino pa siliva, koma pa mkuwa wa m'dothi ndi kuyesa mwayi, chifukwa khungu lina limapirira, lina limasungunuka. Mafuta a olivi anthu akale pa ntchitoyi amawakonda, koma ali ndi asidi pang'ono, amadetsa khobidi, amalowa mkati osatulukanso, ndipo zilembo zimene zinkaoneka chifukwa cha kusiyana kwa mtundu zimazimirira. Hydrogen peroxide wofunditsa amachotsa dothi louma msanga, ndipo pa khobidi lolimba la m'ma 1840 amathandiza, koma pa lofooka amasenda khungu. Kutsuka ndi magetsi kusiyireni zitsulo zadzimbiri monga nkhwangwa ndi mahinjesi. Pa mkuwa kumasiya chinthu chofiira, chokhakhala, chimene palibe angachifune. Mukamaliza njira youma, kaphula kochepa ka Renaissance Wax, kamene kanapangidwira ntchito za ku British Museum, kamateteza khungulo kuti lisasweke. Mukaona ufa wobiriwira moyera ukutuluka n'kumabwereranso, limenelo likudwala, lipatuleni kwa anzake ndipo lisungeni pouma.

Za mtengo musadzinamize. Makampani oyesa makobidi monga PCGS ndi NGC amalemba khobidi la m'dothi kuti ndi loonongeka ndi malo amene linali, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri. Senti wamba ya m'ma 1840 yofukula ingagule chakudya cha masana basi. Koma mukaona tcheni kumbuyo, kapena 1793, 1799, 1804, kapena khobidi la Vermont ndi New Jersey looneka bwino, ikani pansi chotokoseracho nthawi yomweyo. Lijambuleni mbali zonse ndi kuwala kochokera chammbali, muwaonetse a bungwe la Early American Coppers, limene lakhalapo kuyambira 1967, kapena a Colonial Coin Collectors Club. Anthu amenewa amazindikira chidindo chimene chinasula khobidi poona kakhalidwe ka tsamba limodzi kapena mpata wa pakati pa zilembo, ndipo pa makobidi a Connecticut kusiyana kotereku n'kumene kumalekanitsa wamba ndi losowa.

Khobidi lililonse ndimaliika m'kaenvulopu kake ka pepala, n'kulembapo tsiku, tauni, munda kapena bwinja lake, kuya kwake, ndi zimene zinatuluka pafupi nalo. Hafupeni ya George II ija ili mu kaenvulopu nambala 1. Munda wake ndimapitakobe Novembala aliyense, ndipo mwini wake akandiona pa geti amangondilozera mbali imene walima chaka chimenecho.